MALATA NDI ZITSULO PA NYUMBA ZATHU

Mau awa analankhulidwa ndi mlangizi wa zomangamanga kwa mafumu, aphunzitsi ndi a m'makomiti a sukulu ochokera ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma. Tawalemba muno kuti amene sanafike awerenge okha, ndiponso awerengere anzao.

Ndidziwa kuti ino ndi nyengo ya nchito, ndipo ena mwa inu mwapalasa njinga mtunda wautali kuti mufike pano. Chifukwa chake sindidzazungulira. Nkhani imene ndadzera ndi ya chitsulo chimene tiri kumangira nyumba zathu masiku ano, ndiye kuti malata, misomali, waya, mafelemu a zitseko ndi a mazenera, ndi zitsulo zija amisiri aziika m'kati mwa simenti.

Munthu akayenda kuchokera pa Mpingu kukafika pa Namitete, kapena kuchokera pa Nsaru kulowera kwa Kabudula, aona madenga ali kung'anima m'midzi momwe kale munali udzu wokhawokha. Ichi nchokondweretsa, pakuti ndalama za fodya, za mtedza ndi za soya zaoneka kumene zinapita. Koma akayang'anitsa aonanso zina. Madenga ena afiira kale ndi dzimbiri pamene mwana amene anabadwa chaka chomangira nyumbayo sanafike ndi mu Sitandade 5 momwe. Ena eni ake awapsinja ndi miyala, njerwa ndi matayala akutha, kuopa kuti angauluke. Ndipo chaka chiri chonse, mvula yoyamba ikadza ndi mphepo mu November kapena December, timva kuti pa sukulu yakuti denga lasasuka, ana ali kuphunzirira pansi pa mtengo.

Tsono funso ndi ili: kodi chitsulo chikhalitsa, kapena tiri kungotaya ndalama? Ine nditi chikhalitsa ndithu, kuposa ndi mwini nyumba yemwe. Koma chitero pokhapo munthu atagula choyenera ndi kuchiika bwino. Ndipo popeza chitsulo sichiphuka ngati chitsa cha bulugama, nkwabwino kuti tiyambe tadziwa kumene chichokera, kuti tione ngati kuli koyenera kuchigula kawiri pa nyumba imodzi.

Chitsulo cha makolo

Ena aganiza kuti chitsulo chinadza ndi Azungu. Iai. Makolo athu anali kukumba mtapo, namanga ng'anjo ya dothi la pachulu, nathiramo mtapo ndi makala mosanjikiza, nasonkha moto usana ndi usiku. Chimene chinali kutsalira pansi anali kupita nacho ku chipala, kumene wosula, ndi mvukuto wake wa chikopa cha mbuzi, anali kusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi. Mpwitikizi wina dzina lake Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi m'chaka cha 1831 pa ulendo wopita kwa Kazembe, analemba za ng'anjo zimenezi ndi za makasu amene anthu athu anali kuchita nao malonda. Mabwinja a ng'anjo zina akali kuoneka m'nkhalango ya Kasungu, ndipo Dr. Yusuf Juwayeyi, pofukula bwinja la Kalonga ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, anapezako zida zachitsulo. Alipo ena amene ati ngakhale dzina la dziko lathu linachokera ku malawi a ng'anjo zimenezo pamene zinali kuwala usiku.

Nchito imeneyi inali yowawa, ndipo inali ndi miyambo yake yoopsa: amuna a ku ng'anjo sanali kulowa m'nyumba kufikira chitsulo chitatuluka. Inali kudyanso makala ambiri a mitengo yolimba. Chifukwa chake makolo sanali kutaya chitsulo mwachisawawa. Khasu likatha anali kubwerera nalo ku chipala kuti likhale kankhwangwa kapena mpeni. Mpeni ukatha unali kusanduka muvi kapena singano yosokera mphasa. Iwo anadziwa mtengo wake wa chitsulo chifukwa anaona ndi maso thukuta limene chinatuluka nalo. Ife tigula m'sitolo, ndiye thukutalo sitiliona.

Kumene chichokera tsopano

M'Malawi muno mulibe ng'anjo yaikulu yosungunula mtapo. Mafakitale amene ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe alandira chitsulo chopsa kale, chokulungidwa ngati mphasa, kuchokera kunja. Nchito yao ndiyo kuchipinda kuti chikhale ndi mizere ndi kuchidula pa mafiti 8, 10, 12 kapena monga wogula afunira.

Ng'anjo ya masiku ano ndi yaitali kuposa mtengo uli wonse wa m'Dzalanyama, ndipo ikayatsidwa sizima kwa zaka zambiri. Pamwamba athiramo mtapo, miyala ya laimu, ndi malasha ootcha kale amene agwira nchito imene makala anali kugwira kwa makolo. Moto wake upitirira madigiri 1,500, kotero kuti chitsulo chituluka chikuyenda ngati phala. Pambuyo pake achiyenga kachiwiri kuti chileke kukhala chophweka kusweka, kenaka achipsinja ndi makina kufikira chipyapyale. Inu amene munapitako ku Balaka kapena ku Liwonde munaona sitima zazitali zonyamula malasha. Malashawo achokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, nadutsa m'dziko lathu pa njanji imene inatsegulidwa mwa mwambo m'chaka cha 2017, napita ku doko la Nacala. Ndipo ena a iwo ndi a mtundu wootchera chitsulo m'maiko a kutsidya la nyanja. Akuluakulu amene anakagwira nchito ku Zimbabwe adziwa ng'anjo za ku Redcliff pafupi ndi Kwekwe. Zimenezo zinazima m'chaka cha 2008, ndipo zina zatsopano zinayatsidwa ku Manhize m'chaka cha 2024.

M'chaka cha 2023 dziko lonse lapansi linapanga matani a chitsulo pafupifupi 1.9 biliyoni, ndipo oposa theka anapangidwa ku China. Tani iri yonse ituluka pamodzi ndi matani pafupifupi 2 a mpweya woipa uja umene akatswiri ati uli kutenthetsa dziko ndi kusokoneza kagwedwe ka mvula. Pa magawo 100 a mpweya wotere umene utuluka poyatsa malasha ndi mafuta pa dziko lonse, magawo 7 kapena 8 achokera ku nchito ya chitsulo yokha. Choncho munthu amene akuuzani kuti chitsulo chiribe mlandu chifukwa sichidula mtengo wa m'mudzi mwanu, wangonena mbali imodzi. Mlandu wake ulipo, koma uchitikira kutali.

Mbali imene itikhudza msanga ndi ya thumba. Chitsulo chonse tichigula ndi ndalama zakunja, zomwe zija tifuna kugulira feteleza, mafuta ndi mankhwala a m'chipatala. Mukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023. Mukumbukiranso chimene chinachitika ndi mtengo wa malata masabata otsatira. Munthu amene afolera nyumba lero nafoleranso patapita zaka zochepa, kachiwiriko sadzagula pa mtengo wa lero.

Kusankha lata

Apa ndipo ndifuna ndikhalitsepo, pakuti ndipo ambiri agwera.

Lata ndi chitsulo chopyapyala zedi, chosakwana ndi theka la milimita lomwe. Chimene chililimbitsa ndi mizere yake. Aphunzitsi mungathe kuonetsa ana chinthu chimenechi m'kalasi: ikani pepala pakati pa mabuku awiri, muona kuti ligwa lokha, lipindeni mizeremizere, muona kuti linyamula ndi choko chomwe. Nzeru imeneyi inatulukira ku England m'chaka cha 1829. Koma chitsulo chopanda chobvala chichita dzimbiri msanga chikakumana ndi madzi ndi mpweya, ndiye m'chaka cha 1837 ku France kunatuluka nzeru ina, ya kubviika chitsulo m'chitsulo chinzake chosungunuka chotchedwa zinki. Kung'anima kumene muona pa lata latsopano ndiko zinki ameneyo. Iye ayamba ndiye kudyeka pang'onopang'ono, ndipo pamene akalipo dzimbiri silifika pa chitsulo cha m'kati. Tsono moyo wa lata uli pa zinthu ziwiri, kuchindikala kwa chitsulo ndi kuchuluka kwa zinki. Opanga malata otsika mtengo achepetsa zonse ziwiri.

Kuchindikala kwa lata akuwerenga ndi nambala imene aitcha geji. M'masitolo mumva za geji 28, 30, 32 ndi 34. Mvetsetsani apa: nambala ikakula, lata lipyapyala. Geji 28 ndi lochindikala kuposa geji 32. Anthu ambiri aganiza kuti ziri ngati nambala ya nsapato, ndipo wogulitsa wosaona mtima angokhala chete. Ine nditi pa nyumba yogona musatsike pa geji 28 ngati mungathe kupirira. Pa sukulu, pa tchalitchi, pa mzikiti kapena pa chipatala, pamene pakhala anthu ambiri pansi pa denga limodzi, pamenepo palibe ndi kukambirana komwe.

Nanga mudziwa bwanji kuti lata limene alilemba 28 ndi 28 weniweni? Diso lokha silithandiza, makamaka pa malata opaka utoto, chifukwa utoto wobiriwira kapena wofiira ukometsa lopyapyala ndi lochindikala chimodzimodzi. Chimene sichinama ndi sikelo. Chitsulo cha mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, chikachindikala milimita 0.3, chilemera pafupifupi makilogalamu 2.4, chikachindikala milimita 0.2 chilemera pafupifupi makilogalamu 1.6. Tsono tengani malata awiri ofanana kutalika ndi kutambalala, limodzi la sitolo iyi, lina la sitolo iyo, muwaike pa sikelo yomwe ija muyezera soya. Lolemera ndilo liri ndi chitsulo chambiri. Si inu nomwe mukangana ndi mavenda chifukwa cha theka la kilogalamu ya mtedza? Nanga bwanji pogula denga la nyumba mungolandira mau a pakamwa? Funani chidindo cha wopanga pa lata, ndipo wogulitsa alembe geji pa risiti. Boma linakhazikitsa bungwe la Malawi Bureau of Standards m'chaka cha 1972 kuti liyang'anire miyeso ya katundu, ndipo munthu amene wanyengedwa angathe kukadandaula kumeneko. Koma wopanda risiti adzadandaula ndi chiyani?

Ndidziwa chimene ena muli kunena mu mtima: kuti mlangizi alankhula ngati ndalama zitoledwa pa mseu. Ndamva. Koma tiyeni tiwerengere pamodzi. Tinene kuti nyumba ifuna malata 30, ndipo ndalama za chaka chino zikwanira malata 30 opyapyala kapena 20 ochindikala. Woyamba agula opyapyala, nafolera chaka chomwecho, anthu namuyamikira. Wachiwiri agula 20, nagonanso chaka chimodzi m'nyumba ya udzu, nagula 10 otsala chaka chamawa. Lata labwino la zinki wokwanira, kuno kumene kulibe mphepo ya mchere ya kunyanja yaikulu, likhala zaka makumi angapo. Lopyapyala la zinki wochepa liyamba kufiira patapita dzinja zowerengeka, ndipo tsiku lolichotsa mulipiranso mmisiri, misomali ndi ngolo, mwinanso ndi matabwa amene anabvunda ndi kudontha. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Pamene Boma linayambitsa thandizo la malata ndi simenti zotsika mtengo m'chaka cha chuma cha 2014/15, maanja ena m'midzi muno analandira. Koma ambiri a ife denga tidzaligula ndi khasu lathu, ndiye tiligule kamodzi.

Koma amene mugula pang'onopang'ono chenjerani ndi kasungidwe. Malata osanjikizana akalowa madzi kapena chinyezi pakati pao, zinki adyeka mofulumira, ndipo mukawatsegula mupeza ufa woyera ngati phulusa. Pamenepo lata lakalamba lisanakwere ndi padenga pomwe. Musawagoneke pansi pa dothi. Aimikeni chopendekera pa mitengo, m'nyumba youma. Ndipo musawaike chipinda chimodzi ndi matumba a feteleza. Feteleza akoka chinyezi ndipo adya chitsulo; onani m'mene achitira pansi pa ngolo kapena pa wilibala. Kawirikawiri zinthu ziwirizi tizigula mwezi umodzi, fodya atagulitsidwa, ndipo tizibisa m'chipinda chimodzi kuopa akuba.

Kukhoma denga

Lata labwino lokhomedwa moipa liuluka chimodzimodzi ndi loipa. Anthu ambiri aganiza kuti mphepo ikankha denga. Kweni kweni mphepo ilinyamula: ikamadutsa pamwamba ilikoka, ndipo ikalowa pa khomo, pa zenera kapena pansi pa khonde ilitukula cha m'kati. Choncho denga lifuna kumangiriridwa pansi, osati kungosanjikidwa pa khoma. Lata ligwire mtanda, mtanda ugwire phaso, phaso ligwire khoma. Pamene palekezera unyolo umenewu ndi pamene denga lidzadukire.

Malo amene amisiri ambiri achitapo ulesi ndi otsirizawa. Waya womangira denga ayenera kulowa m'khoma pamene khomalo liri kumangidwa, mizere ingapo ya njerwa pansi pa nsonga, kapena akoloweke ku chitsulo cha m'bimu. Waya wokulunga njerwa ziwiri za pamwamba ndi wachabe. Mphepo itenga denga pamodzi ndi njerwa zomwezo, ndipo njerwazo ndizo zigwera ana. Mitanda isatalikirane kuposa mita imodzi. Misomali ikhale ya malata yeniyeni, ya chipewa, ndipo ikhomedwe pa msana wa mzere, osati m'ngalande moyenda madzi. M'mphepete mwa denga ndi pa mtanda wa pamwamba chulukitsani misomali, chifukwa mphepo iyambira pamenepo. Apanso muona kuipa kwa lata lopyapyala: msomali utsala pa mtanda uli chiriri, lata litang'ambika pozungulira chipewa chake.

Malata aphatikizane mokwanira, mzere ndi theka m'mbali, ndi mainchesi 6 pamene lina lilowa pansi pa linzake. Denga lisakhale lathyathyathya, kuti madzi asaime. Denga lotsetsereka mbali zinai lipirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo denga la khonde nkwabwino likhale lapalokha, kuti likanyamuka lisakoke la nyumba. Mmisiri akadula lata ndi makina a moto aja, zinki apsa m'mphepete, ndipo tizidutswa totsalira padenga tiyambitsa dzimbiri. Muuzeni adule ndi sizasi ya malata ndipo asese akatha. Zonsezi ziphunzitsidwa. Pa Namitete pomwe pano pali sukulu ya nchito zamanja imene iphunzitsa kumanga ndi ukalipentala, ndipo anyamata ndi atsikana amene anatuluka m'masukulu otere alipo m'midzi mwathu. Komiti isapereke denga la sukulu kwa munthu chifukwa chakuti ndi mlamu wa wapampando.

Chitsulo ndi mitengo

Tsopano ndifike pa nkhani imene mafumu afunsa kawirikawiri: kodi chitsulo chipulumutsa mitengo? Yankho lake silolunjika.

Nkhalango ya Dzalanyama inatetezedwa m'chaka cha 1922. Ndiko kuchokera mtsinje wa Lilongwe, umene udzaza madamu a ku Malingunde, kumene anthu a mu mzinda amwa. Inadulidwa kotero kuti m'chaka cha 2015 Boma linatumizako asilikari kukailonda. Kuno kwathu mitengo ya chilengedwe yatsala kumanda kokha. Inatha ndi nkhuni, makala, zigafa za fodya, ndi mauvuni a njerwa. M'chaka cha 2018 Boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za Boma ndi pa zomanga zikuluzikulu za malonda, ndicho chifukwa chake muona masukulu atsopano ali kumangidwa ndi mabuloko a simenti.

Ife tizolowera kuganiza kuti malata ayenda ndi njerwa zootcha, ngati nsima ndi ndiwo. Koma chimene chigwetsa khoma la zidina kapena la mdindo si kusaotcha. Ndi madzi, ochokera kumwamba ndi ochokera pansi. Nyumba ya zidina yokhala pa maziko okwera a miyala, yofoleredwa ndi malata abwino otuluka kunja kwa khoma mafiti awiri kapena kuposa, yozira bwino, ingathe kukhala zaka zambirimbiri popanda kudula mtengo umodzi wa uvuni. Ine ndiona kuti pamenepa ndi pamene chitsulo chithandiza mitengo kopambana: munthu amene ndalama zampelewera achite bwino kuika mphamvu yake pa maziko ndi pa denga, kusiyana ndi kuotcha uvuni waukulu ndi kufolera ndi lata la geji 34.

Mafelemu achitsulo a zitseko ndi mazenera ndiwo ndiwayamikira popanda kukaika. Chiswe sichiwadya, sapindika ndi dzuwa, ndipo mlombwa ndi mbawa zopangira mafelemu olimba ziri kuti lero? Anyamata ootcherera zitsulo ali pa misika yathu yonse kumene kwafika magetsi, ndipo ndalama ya nchitoyo itsala konkuno. Chofunika nchakuti felemu lipakidwe penti wofiira woletsa dzimbiri lisanalowe m'khoma, makamaka kunsi kumene kufika madzi okolopera.

Koma pa mapaso a denga ndisiyanitsa. Pa holo, pa tchalitchi kapena pa buloko ya sukulu, pamene denga litambalala kwambiri, mapaso achitsulo ndi oyenera, makamaka tsopano pamene matabwa a paini a ku Chikangawa achepa ndipo ambiri agulitsidwa ali awisi. Pa nyumba ya zipinda zitatu ya m'mudzi sindiona chifukwa chake. Bulugama wodzala wekha kumalire a munda, wodula atakhwima, wouma bwino ndi wopaka mankhwala a chiswe, akwanira. Ndipo ukamdula aphukanso, chimene chitsulo sichichita. Musamve ngati ndanena kuti popeza kwabwera chitsulo tileke kudzala mitengo.

Ndisabise kuipa kwa malata. Atentha mu October, azizira mu June, ndipo mvula ikalimba mphunzitsi samveka m'kalasi. Walira mvula walira matope. Koma mankhwala ake ndi apafupi: siling'i ya bango kapena ya mphasa, mipata yotulukira mpweya pamwamba pa khoma, ndi mitengo ya mthunzi cha kumadzulo, yotalikira pang'ono kuti masamba asaunjikane padenga ndi kuolerapo. Pa khichini yosonkha nkhuni malata sakhalitsa chifukwa cha utsi ndi nthunzi, ndiye siyani potulukira utsi. Ndipo musaganize kuti chitsulo sichiopa moto. Sichiyaka, inde, koma chikatentha kufika madigiri 600 chitaya pafupifupi theka la mphamvu yake ndipo chipindika.

Za zitsulo za m'simenti ndinena mwachidule. Simenti ipirira kupsinjidwa koma siipirira kukokedwa. Chitsulo ndicho chipirira kukokedwa, nchifukwa chake aziphatikiza pa linta ya pamwamba pa khomo ndi pa bimu yozungulira nyumba. Bimu imeneyi imanga makoma onse pamodzi ngati lamba. Dziko lathu limachita zibvomezi, monga cha ku Salima cha 1989 chimene chinamveka kuno, ndi za ku Karonga za 2009, ndipo makoma osamangidwa lamba ndiwo afulumira kutaikira kunja. Koma chitsulo chikwiririke m'simenti ndi inchesi imodzi mbali zonse. Chikaonekera kunja chichita dzimbiri, dzimbiri litupa, ndipo ling'amba simenti yomwe inayenera kuchiteteza. Silabu ya chimbudzi ikafika pamenepo ndi msampha.

Zitsulo zakutha

Chitsulo chiri ndi ubwino umodzi umene njerwa ndi simenti ziribe: chikatha nchito chingathe kusungunulidwa ndi kukhalanso chatsopano, kawiri, katatu, osachepa mphamvu. Ng'anjo za magetsi zosungunula zitsulo zakutha, monga iri ku Kafue m'dziko la Zambia, sizifuna mtapo, ndipo zitulutsa mpweya woipa wochepa kwambiri poyerekeza ndi ng'anjo za malasha. Ndicho chifukwa chake muona anthu ali kuyenda m'midzi ndi sikelo kugula makasu akutha, mafelemu a njinga ndi mapulawo othyoka. Ndipo lata lisanafike kwa iwo liri ndi nchito zina: lochoka pa nyumba lifolera khola la mbuzi kapena bafa, ndipo okhoma zidebe pa msika apanga nalo mbaula ndi zina. Musalitaye kudzala kumene lidzacheka mapazi a ana.

Koma malonda amenewa abweretsa ndi mbala zomwe, ndipo apa ndilankhula ndi inu mafumu. Njanji ya ku Mchinji, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada ndi kutha m'chaka cha 1980, idutsa m'dera lathu lino la kumadzulo. Tiri ndi mijigo, milatho, zikwangwani za pa mseu ndi nsanja za magetsi. Chitsulo chimene chikali kugwira nchito si chakutha. Mnyamata amene amasula chitsulo cha pa mjigo alandira ndalama yosakwana ndi thumba la chimanga lomwe, koma mudzi wonse ubwerera kukatunga kudambo, ndipo chitsulo cholowa m'malo mwake chifunanso ndalama zakunja. Wogula zitsulo akafika m'mudzi ayambe waonekera kwa nyakwawa, ndipo katundu wake aonedwe asanakwere galimoto. Bauti ya njanji kapena ndodo ya mjigo siisowa kuzindikira.

Kwa a makomiti a sukulu, mwezi wa October usanathe tengani mmisiri mukwere naye padenga la buloko iri yonse. Msomali umene watukuka uchotsedwe, pakhomedwe wina wautali. Mtanda umene chiswe chadya usinthidwe. Pamene dzimbiri layamba kumene, palani ndi burashi ya waya, mupake penti woletsa dzimbiri, kenaka penti wa malata. Lata limene laboola kale penti salithandiza, lichotsedwe. Loweninso m'kati muone ngati waya womangira denga akalipo, pakuti pa masukulu ena ana anamasula kale kukapangira magalimoto ao. Ngati mwapeza khoma long'ambika kapena phaso lothyoka, ana atuluke m'kalasi imeneyo tsiku lomwelo, ndipo mphunzitsi wamkulu alembe kalata kudzera kwa mlangizi wa masukulu wa zoni yanu, kuti a ofesi ya zomangamanga ku khonsolo ya boma la Lilongwe adzaone.